Mlingo Si Dozi: Chichewa cha Wodwala Khansa ya Machende ku Joni

Lamulo la zaumoyo la dziko la South Africa la mu 2003 limati wachipatala azimufotokozera wodwala za matenda ake m'chinenero chimene wodwalayo amamva, ngati n'kotheka. Ife Amalawi timagwera pa “ngati n'kotheka” pamenepo. Zinenero zovomerezeka ndi boma kuno zilipo 12, ndipo Chichewa sichili m'gulumo. Myao wa ku Mangochi, Mtonga wa ku Nkhata Bay ndi Mtumbuka wa ku Mzimba akakumana ku Mayfair, ku Yeoville kapena ku Diepsloot amamvana pa Chichewa, ndipo wina akadwala, womuperekeza ku chipatala cha Charlotte Maxeke ku Parktown, cha Helen Joseph kapena cha Bara ku Soweto amakhala mlamu wake, mkazi wake kapena mbale wa kumpingo amene Chingerezi amachithako. Zonse zimene dokotala anena, ndi zonse zimene wodwala ayankha, zimadutsa pakamwa pa munthu ameneyu.

Ndikufuna tikambirane za Chichewa chodutsa pakamwa pamenepo, ndipo ndatenga khansa ya machende kuti ikhale poyambira. N'zoona kuti khansa imeneyi siigwira anthu akuda kawirikawiri monga imachitira ndi azungu. Koma ikagwira imasankha anyamata ndi abambo a zaka zapakati pa 15 ndi 40, msinkhu womwewo umene umadzaza mabasi a ku Joni. Chinanso, ndi khansa yochizika. Kumene chithandizo chili chokwanira, odwala oposa 95 mwa 100 alionse amachira, ndipo ngakhale itafika m'mimba ndi m'mapapo, ambiri amachirabe. Mankhwala ake ndi owerengetsera mpaka pa miligalamu, ndipo zina mwa zimene dokotala amadalira powerengetsera sazipeza m'magazi kapena pa sikelo, amachita kuzimva kwa wodwala. Pamatenda otere mawu olankhulidwa mwachisawawa angamutayitse munthu impso, makutu, ngakhale moyo umene.

Tiyambire pa dzina. Chiwalochi ndi tchende, akakhala awiri ndi machende. Ndikudziwa kuti owerenga ena adzidzimuka poona mawuwa atalembedwa poyera. Mwambo wathu uli ndi mawu ophimbira, monga kumusi, mavalo ndi malo obisika, ndipo pabwalo, pamaliro kapena pamaso pa apongozi amenewo ndiwo oyenera. Amene angafune kuwachotsa adzakangana ndi ine. Koma m'chipinda cha dokotala mawu ophimbira amaphimba matenda. Mnyamata akauza mlamu wake kuti “kumusiku sikuli bwino”, mlamuyo amaganiza za chinzonono kapena mabomu, n'kukanena zomwezo kwa anamwino, ndipo mnyamata amabwerako ndi mapilitsi a matenda opatsirana pogonana, miyezi n'kumapita. Akati “ndatupa”, anzake amati ndi phudzi, lidzaphwa lokha. Khansayi kawirikawiri imayamba ngati kachotupa kolimba m'kati mwa tchende limodzi, kapena tchende limangolemera ndi kulimba, ndipo nthawi zambiri sipakhala ululu. Kusapwetekako n'kumene kumanyenga anthu. Chiganizo choyenera n'chachifupi: “Tchende langa lakumanzere lili ndi chotupa cholimba, sichipweteka, ndinachiona miyezi iwiri yapitayo.” M'menemo mulibe kutukwana.

Chithandizo chimayamba ndi opaleshoni yochotsa tchende lodwalalo, ndipo amacheka m'munsi mwa mimba chakumbali kwa chinena. Apa ndikupempha kuti mawu akuti kuthena ndi kufula tiwasiyire mbuzi ndi ng'ombe. Wothena amachotsa onse awiri kuti chiweto chisabereke. Dokotala amachotsa limodzi, ndipo lotsalalo likakhala labwino limakwanitsa ntchito. Womasulira amene anganene kuti “akuti akuthenani” wanama, ndipo bodza lakelo likhoza kumuthawitsa munthu pachipatala osabwereranso. Nawonso mawu akuti mphamvu za abambo amaphatikiza zinthu ziwiri zofunika kuzilekanitsa: kutha kukhala malo amodzi ndi mkazi, ndi kutha kupereka mimba. Choyambacho sichisokonekera kawirikawiri. Chachiwiri n'chimene chemo, mankhwala a khansa olowa pa dripi, imakhudza, chifukwa imachepetsa mbewu mu umuna. Kwa ambiri mbewu imabwerera pakatha zaka zingapo, kwa ena ayi. Mu Johannesburg muli malo osungirako umuna mouziziritsa, ndipo funso lakuti “kodi ndingasungitse mbewu yanga?” liyenera kufunsidwa dripi yoyamba isanalowe.

Tsopano mawu amene andilembetsa nkhaniyi: dozi. Tinawabwereka kalekale ndipo anakhazikika, sindikuwathamangitsa ayi. Koma atalowa m'Chichewa anasintha tanthauzo. Kwathu tikati “wamaliza dozi” timanena mankhwala onse, monga mapilitsi 24 a LA amene munthu wamkulu amamwa pa masiku atatu. Dokotala wa ku Parktown akatchula mawu omwewo amanena kuchuluka kwa mankhwala olowa m'thupi pa nthawi imodzi. Womasulira akangowanyamula mmene alili n'kunena kuti “achimwene, akuti dozi yatha”, wodwala amamva kuti chithandizo chonse chatha, chikhalirecho watsiriza gawo limodzi mwa atatu kapena anayi. Munthu wotopa ndi nseru, amene bwana akumuimbira foni ndipo lendi yayandikira, safuna kuuzidwa kawiri.

Pa zinthu zitatu zosiyana tizigwiritsa ntchito mawu atatu osiyana. Mlingo ndi kuchuluka kwa mankhwala a tsiku limodzi. Ndime ndi masabata atatu a chithandizo. Chithandizo chonse ndi ndime zonse pamodzi. Kuti timvetse chifukwa chake, tione mmene mankhwalawa amayendera.

Chemo yoperekedwa khansayi ikafalikira imatchedwa BEP, ndipo ili ndi mankhwala atatu: bleomycin, etoposide ndi cisplatin. Mwini nkhani ndi cisplatin, amene ali ndi chitsulo cha platinum. Mu 1965 Barnett Rosenberg wa pa yunivesite ya Michigan State ku America anaona kuti mankhwala a platinum amaletsa mabakiteriya kugawikana. Mu 1974 Lawrence Einhorn wa ku Indiana anayamba kupereka cisplatin pamodzi ndi bleomycin ndi vinblastine kwa anyamata amene khansa ya machende inali itawafalikira. Zisanatero, mwa odwala otere 10 ankapulumuka pafupifupi mmodzi; lero amapulumuka pafupifupi 8. Mu 1987 kafukufuku anaonetsa kuti etoposide amaposa vinblastine, ndipo kuchokera pamenepo ndondomekoyi sinasinthe kwenikweni. Ndime imodzi ndi masiku 21. Masiku asanu oyambirira wodwala amalandira cisplatin ndi etoposide tsiku ndi tsiku, pamene bleomycin amabwera kamodzi pa sabata, katatu pa ndime. Tsiku la 22 ndime ina iyambe, ndipo madokotala a khansayi safuna kuchedwetsa popanda chifukwa chachikulu, popeza khansa ikapatsidwa mpata imaphukanso. Masiku a pakati pa ndime si tchuthi chokwerera basi kudzera ku Beitbridge, ku Nyamapanda ndi ku Tete kukaona kumudzi. Amene analipo mu Epulo 2021, moto utabuka pa Charlotte Maxeke n'kutseketsa chipatalacho, akudziwa mmene tsiku la chemo limavutira kulipezanso likaphonyeka.

Mlingo sauchita kuponya mwamphumi. Anamwino amayeza kutalika ndi kulemera kwa munthu, n'kupeza kukula kwa thupi lake m'masikweya mita. Pa sikweya mita iliyonse amapereka mamiligalamu 20 a cisplatin ndi 100 a etoposide pa tsiku. Mnyamata wotalika masentimita 170, wolemera makilogalamu 68, thupi lake ndi pafupifupi masikweya mita 1.8, ndiye mlingo wake wa cisplatin ndi mamiligalamu 36 pa tsiku. Mnzake wapabedi loyandikana akhoza kulandira 42, ndipo sikuti mnzakeyo akukonderedwa. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi kalankhulidwe kakuti “andipatsa mankhwala amphamvu” kapena “muwauze achepetse mphamvu”. Mankhwalawo ndi amodzimodzi, chosiyana ndi mlingo. Mlimi aliyense amadziwa kuti feteleza wa pa phando ali ndi muyeso wake: ukapyola mbewu imapsa, ukaperewera sukolola. Pa khansa yochizika ngati iyi, mlingo woperewera ndi woopsa mofanana ndi wopyola.

Chinanso chimene chimalamula mlingo ndi impso, ndipo pa impso m'pamene Chichewa chathu chimasokonekera kwambiri. Ena ululu uliwonse wa m'chiuno amati ndi impso. Ena zonse za kumbuyo amangoti msana. Pa khansayi mawu awiriwa amakumana m'njira imene anthu ochepa amaidziwa. Mwana wamwamuna ali m'mimba mwa mayi ake, machende amapangika pafupi ndi impso kenako n'kutsika, ndipo timitsempha take timatsalabe tolumikizana ndi kumene anachokerako. Choncho khansa ikayamba kufalikira imakafikira kwa anabele a kumbuyo kwa mimba, pafupi ndi impso. Anabelewo akakula amapweteketsa msana, ndipo nthawi zina amakanikiza kanjira kotsitsa mkodzo kuchokera ku impso kupita ku chikhodzodzo. Mnyamata wonyamula njerwa tsiku lonse amati ndi ntchito. Wodwala khansa ya machende amene akumva msana anene kuti msana, aloze malo ake, anenenso ngati ukumudzutsa usiku. Asathamangire kutchula impso kapena ntchito, chifukwa kupeza gwero la ululu ndi ntchito ya dokotala.

Impso zenizenizo zikamafooka sizipweteka. Chiganizo chakuti “impso zanga zili bwino, sizindipweteka” chilibe kanthu m'kati. Chimene dokotala amafuna kudziwa ndi kasefedwe, kutanthauza kuchuluka kwa madzi a m'magazi amene impso zimasefa pa mphindi imodzi. Papepala amalemba GFR, ndipo kwa mnyamata wathanzi nambalayi imakhala cha m'ma 100 mpaka 120. Cisplatin amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo podutsa amavulaza timachubu take. Bleomycin nayenso amatulukira komweko, kotero impso zikafooka amakhalitsa m'magazi n'kukawononga mapapo. Ndiye pali carboplatin, m'bale wake wa cisplatin wosavuta kwambiri pa impso, amene amaperekedwa kamodzi kokha kwa ena odwala mtundu wa khansayi wotchedwa seminoma usanafalikire. Khansa ikafalikira carboplatin sangalowe m'malo mwa cisplatin, kafukufuku anaonetsa kuti amachiza ochepa. Mlingo wa carboplatin umachokera pa kasefedwe ka impso mwachindunji, motsatira masamu amene Hilary Calvert ndi anzake a pa chipatala cha Royal Marsden ku England anafalitsa mu 1989: pa GFR amawonjezerapo 25, ndipo pa khansayi amachulukitsa ndi 7. GFR ikakhala 100, mlingo ndi mamiligalamu 875. Ikakhala 75, mlingo ndi 700. Nambala ya impso ikalakwika ndi 25, mlingo walakwika ndi mamiligalamu 175.

Apa Chichewa chili ndi mawu awiri amene tiyenera kuwagwiritsitsa: kuyeza ndi kuyerekeza. Nambala imene imabwera papepala la ku labu nthawi zambiri ndi yoyerekeza. Amayeza creatinine, zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimatulutsa, kenako n'kuyerekeza kasefedwe pogwiritsa ntchito masamu, monga a Cockcroft ndi Gault a mu 1976 amene amatenga zaka, kulemera ndi creatinine. Munthu wowonda, wa minofu yochepa, creatinine wake amakhala wotsika, ndipo impso zake zimaoneka zabwino kuposa mmene zilili. Kuyeza kwenikweni n'kwina: amabaya kamankhwala kodziwika mumtsempha, n'kumatenga magazi pa maola angapo kuti aone liwiro limene impso zikukachotsera.

Kusiyana kumeneku kunaonekera bwino kuno komwe. Masamu ena ochokera ku America ankawonjezera 21 pa 100 pa nambala ya munthu aliyense wakuda, poganiza kuti akuda ali ndi minofu yambiri. Mu 2008 ofufuza a pa yunivesite ya Wits anafalitsa zimene anapeza atayeza kasefedwe kenikeni ka odwala akuda a pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath: kuwonjezerako kunkakweza nambala mopyola, masamu ankalondola bwino popanda iko. Ku America komweko anakuchotsa mu 2021. Mu 2022 June Fabian wa pa Wits ndi anzake a m'mayiko atatu anafalitsa m'magazini ya Lancet Global Health kafukufuku wa anthu oposa 2,500 a ku Malawi, ku South Africa ndi ku Uganda, amene impso zawo zinayezedwa ndi mankhwala a iohexol. Anapeza kuti masamu odalira creatinine amaonetsa impso za anthu athu ngati zamphamvu kuposa mmene zilili, makamaka kwa iwo amene impso zafooka kale. Amalawi anzathu anapereka magazi awo kuti zimenezi zidziwike. Choncho womasulira akamva kuti nambala ya impso ili bwino, afunse mwaulemu: “Adokotala, nambalayi ndi yoyeza kapena yoyerekeza?” Dokotala wa khansa amalimva funsoli, ndipo pa carboplatin ambiri amafuna yoyeza.

Pali kamawu kena kakang'ono kamene ndimakaopa: chabe. “Lero angondiika dripi ya madzi chabe.” Madzi amcherewo, amene amalowa malita angapo cisplatin asanayambe ndiponso atatha, nthawi zambiri osakaniza ndi magnesium ndi potassium, ndiwo chitetezo chachikulu cha impso. Amatsuka njira kuti mankhwala asakhalitse m'timachubu tija. Woona ngati madziwo ndi otaya nthawi amapempha kuti atuluke msanga, kapena akafika kunyumba amasanza tsiku lonse osamwa kanthu, osanena. Anamwino akafunsa za mkodzo, yankho lakuti “ndikutaya madzi bwinobwino” silikwanira. Akufuna kumva kuti kangati, wochuluka bwanji, wooneka bwanji, ndiponso ngati wachepa poyerekeza ndi dzulo.

Dzina lakuti Panado nalonso tinalitambasula mpaka linaphimba mankhwala onse opha ululu. Dokotala akafunsa zimene wodwala amamwa, yankho limakhala “Panado basi”, pamene m'thumba muli Brufen, Indocid kapena timapaketi ta Grand-Pa togula pa spaza. Panado weniweni ndi paracetamol. Brufen ndi Indocid ndi a gulu lina limene limachepetsa magazi opita ku impso, ndipo Grand-Pa ali ndi aspirin pamodzi ndi paracetamol ndi caffeine. Kuwaphatikiza ndi cisplatin n'kuzimenya impso mbali ziwiri. Mankhwala aliwonse atchulidwe dzina lake, ndipo ngati dzina lavuta, paketi ipite nawo kuchipatala. Chimodzimodzi ma ARV. Kuyambira mu 2019 ambiri ku Malawi ndi ku South Africa amamwa piritsi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Tenofovir amatha kuvutitsa impso, pamene dolutegravir amakwezako creatinine pang'ono ngakhale impso zili bwino. Dokotala wosauzidwa sangawerenge nambala molondola. Ndikudziwa kuti kutchula ma ARV pamaso pa mlamu n'kovuta, ndipo wodwala ali ndi ufulu wopempha kuti mlamuyo ayambe watuluka, iye n'kuonetsa botolo. Asasiye kumwa payekha, anene.

Kunenanso za mawu akuti kutsuka impso ndi kuchapa magazi, amene ali pa timapepala togawidwa m'misewu ya m'tauni muno: amenewa ndi mawu amalonda. Impso sazitsuka ndi mankhwala a m'botolo. Zitsamba zina zimaziwononga, ndipo chomera chimene kuno amati impila madokotala amachidziwa bwino kuti chimavulaza chiwindi ndi impso. Sindikunyoza mankhwala a makolo. Ndikungoti amene wamwa anene kuti wamwa, asabise kuseri kwa mawu akuti “tiyi wakumudzi”.

Zovuta zobwera ndi mankhwala timazitchula m'njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimasocheretsa. Wina amati “mankhwalawa akundikana”, ndipo mapeto ake n'kusiya. Wina amati “ndiye kuti akugwira ntchito”, ndipo mapeto ake n'kukhala chete. Zoona n'zakuti zovuta zina n'zoyembekezeka ndipo zimatha, monga kuthothoka tsitsi chifukwa cha etoposide; zina zili ndi mankhwala ake, monga nseru ndi kusanza; ndipo zina ndi chenjezo loti dokotala asinthe kanthu lero lomwe. Wodwala sangazisiyanitse yekha, ntchito yake n'kuzitchula molondola. Chotchinga choyamba ndi ulemu wathu womwe. Mmalawi ukamufunsa kuti “muli bwanji?” amayankha kuti “ndili bwino”, ngakhale ali pa machira, chifukwa amenewo ndi malonje. Dokotala akafunsa funso lofanana nalo, iye akufufuza matenda. Womasulira wanzeru amapereka moni n'kumaliza, kenako n'kuyamba mwatsopano: “Achimwene, moni watha. Tsopano akufunsa za m'thupi. Chasintha n'chiyani chichokereni kuno?” Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Womasulira asayankhe m'malo mwa mwini thupi, ndipo asachepetse zimene wamva ndi kamawu kakuti pang'ono.

Mawu oopsa kuposa onse ndi malungo. Kwathu thupi likatentha timati malungo, ndipo timadziwa chochita: Panado, bulangete, mawa kukayezetsa. Kwa munthu wa pa chemo kadikiridwe kameneka kangaphe. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chiyambireni ndime, maselo oyera a m'magazi amatsika kwambiri, ndipo kachilombo kamene munthu wabwinobwino sangakamve n'komwe kakhoza kufalikira m'magazi pa maola ochepa. Thupi likatentha kufika pa madigiri 38, kapena munthu akayamba kunjenjemera, ulendo wa kuchipatala ndi wa nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, ndipo pakhomo anene kuti ali pa chemo. Panado amangobisa kutenthako. Tizinena kuti “thupi latentha, lafika pa 38.4”, ndipo malungo tiziwatchula akayezedwa. Mu Johannesburg udzudzu wofalitsa malungo sukhalamo, koma amene wangobwera kumene kuchokera kumudzi anene zimenezo, kuti amuyeze zonse ziwiri. Nyumba imene muli wodwala wa pa chemo isasowe choyezera kutentha kwa thupi.

“Magazi achepa” ndi chiganizo china chofunika kuchiphwanya. Akachepa maselo ofiira munthu amafooka, amachita chizungulire ndi befu. Akachepa oyera amagwidwa matenda msanga. Tikachepa timaselo toumitsa magazi, nkhama zimatuluka magazi ndipo khungu limachita mabala akuda popanda kugunda paliponse. Chiwindi ndi bonongwe za m'mbale sizikweza maselo oyera pa masiku atatu. Ndipo womasulira asamale ndi mawu akuti “chitetezo chatsika”, chifukwa m'makutu a Mmalawi mawuwa anakwatirana ndi HIV. Awonjezere kuti chatsika chifukwa cha chemo ndipo chikweranso.

Pa makutu ndi manja Chichewa n'cholemera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti timachisiya n'kumangoti “thupi likuphwanya”. Cisplatin amavulaza makutu, ndipo chizindikiro choyamba ndi kulira kwa m'makutu, kenako kusamva mawu ang'onoang'ono okwera, ndi kuvutika kumva munthu pagulu laphokoso. Makutu akawonongeka motere kawirikawiri sabwerera, choncho anene kulirako kukangoyamba, asadikire kugontha. M'manja ndi m'mapazi tili ndi dzanzi, kubayabaya, kunyerenyesa, kutentha kwa kuphazi, kulephera kumanga mabatani; chilichonse mwa izi chimauza dokotala kuti minyewa yomvera yakhudzidwa mpaka pati, ndipo zimatha kuwonjezeka kwa miyezi ingapo chithandizo chitatha. Zala zikamayera ndi kuzizira m'mawa wa Juni kuno ku Gauteng, kenako n'kuda ndi kupweteka, imeneyo ndi nkhani ya mitsempha ya magazi. Mawu akuti mitsempha timawagwiritsa ntchito pa zonse ziwiri, ndiye womasulira afotokoze zimene zikuchitika m'malo mongotchula dzinalo. Kukokana kwa minofu nako kunenedwe, chifukwa impso zovulazidwa ndi cisplatin zimataya magnesium.

Kupeza bwino si kuchira. Chotupa cha m'mimba chikafota ndipo msana ukaleka kupweteka pambuyo pa ndime yoyamba, munthu wapeza bwino. Kuchira amakutsimikizira ndi sikani ndi magazi, poona ngati zizindikiro zitatu za khansayi, AFP, hCG ndi LDH, zatsika n'kukhazikika, ndipo kupimidwa kumapitirira kwa zaka zosachepera zisanu. Mpingo ukamayamika Mulungu uyamike, koma ukanena kuti “mbale wathu wachira” ndime ziwiri zikadalipo, wamukankhira kunja kwa chipatala.

Ndatsala ndi chifuwa. Liwu limodzi lomweli ndi chiwalo, ndi kutsokomola, ndi chimfine, ndiponso tikawonjezera “chachikulu” ndi TB. Bleomycin amatha kuumitsa mapapo, ndipo ngoziyi imakula mwa munthu wopyola zaka 40, wa impso zofooka, kapena amene walandira wochuluka. Zizindikiro zake ndi kutsokomola kouma kopanda makhololo, ndi befu pokwera masitepe amene sabata yatha munthu amakwera bwinobwino. Wongonena kuti “ndili ndi chifuwa” akhoza kupatsidwa mankhwala a chimfine, bleomycin wa sabata imeneyo n'kulowabe. Wonena kuti “ndikutsokomola kouma masiku anayi, ndipo ndikafika pa nsanjika yachiwiri ndimayamba ndapuma” wamupatsa dokotala chifukwa choimitsira mlingo umenewo. Njira zina zilipo: ndime zinayi za etoposide ndi cisplatin okha m'malo mwa zitatu za BEP, kapena kuika ifosfamide m'malo mwa bleomycin, monga anachitira madokotala a ku Indiana ndi Lance Armstrong wopalasa njinga uja mu 1996 pofuna kusunga mapapo ake.

Bleomycin amasiya chenjezo la moyo wonse. Mapapo amene anakumana naye akhoza kuvulala akapatsidwa mpweya wa oxygen wochuluka, makamaka pa opaleshoni yogoneka munthu tulo. Ambiri mwa odwalawa adzabwerera kwawo, ndipo patapita zaka wina adzathyoka mwendo ku Mzimba kapena kudwala m'mimba ku Mangochi, mafaelo ake ali ku Parktown. Asanachoke ku Joni apemphe kalata yolemba mayina a mankhwala, mlingo wake, chiwerengero cha ndime ndi nambala yomaliza ya impso, aisunge pamodzi ndi pasipoti, ndipo zomwezo akazilembetse m'buku lake la kuchipatala akafika kumudzi. Kwa wogonetsa tulo asangoti “ndinadwalapo khansa ku Joni”. Anene kuti: “Ndinalandira bleomycin ndi cisplatin, ndime zitatu, chaka chakuti. Musamale ndi oxygen, ndipo muyambe mwaona impso.”